Moto Woyenda Pansi

1. Ngalande ya Che Nasoro

Chaka chimenecho dambo la Namalowe linayamba kuuma mwezi wa Ogasiti usanathe. Anthu a m'midzi ya kufupi ndi Nsanama anali asanaonepo zotere. Pamene kale ng'ombe zinkatitimira mpaka m'mimba, tsopano ana ankadutsapo atavala nsapato za kusukulu osadetsa n'komwe.

Ambiri anadandaula, koma Che Nasoro anasangalala.

Che Nasoro anali bambo a Mwanahawa, mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya m'deralo. Anali munthu wolimbikira, ndipo izi palibe amene akanatsutsa. Vuto lawo linali lakuti akaona malo opanda mbewu, mtima unkawawawa ngati wina wawabera. Dimba lawo linali m'mphepete mwa dambo, kuchita malire ndi dimba la mayi wina wamasiye, mayi a Sellah. Sellahyo anali mnzake wa Mwanahawa wa ponda apa nane mpondepo. Wina anali Msilamu, wina Mkatolika, koma ankakhala desiki imodzi kuyambira ku pulayimale, ndipo chinangwa chimodzi ankachibenthulirana pakati.

Mavenda a ku Balaka atayamba kulimbirana tomato pamsika wa Nsanama, Che Nasoro anaganiza zokuza dimba lawo kulowa m'kati mwa dambo. Anadula bango lonse la kutsogolo kwawo, nakumba ngalande yofika m'chiuno kuti madzi otsalawo achoke. Dothi lotuluka m'ngalandemo linali lakuda bii, lodzaza ndi mizu ndi timapesi takalekale. Likauma linkapepuka ngati ndowe za ng'ombe.

Tsiku lina kunafika Che Abdulwahab, amalume a mayi a Mwanahawa, amene ankadya za kuluka mphasa. Anabwera akutsimphina kudzafuna bango, koma anapeza zitsa zokhazokha. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana ngalandeyo. Mwanahawa anali pomwepo akuthirira tomato, choncho anamva zonse.

"Nasoro mwana wanga, dambo si munda," anatero nkhalambayo. "Munda ukautopetsa umaupumitsa chaka chimodzi, n'kubwerera mwakale. Dambo ukalichotsa madzi silibwerera, ngakhale ulipepese. Dothi lakuda ukulionali si dothi ngati la kumtunda iyayi. Ili ndi bango la makolo athu, udzu wa makolo a makolo athu, zimene zinkagwera m'madzi chaka ndi chaka osaola. Madzi ndi amene anazisunga. Madzi omwewo ndi amene amatsikira m'zitsime zimene akazi anu amatunga mwezi wa Novembala. Ife tili anyamata, bambo anga ankatikwapula tikangoyatsa fodya kuno nthawi ya chilimwe. Chifukwa chake sankanena, ankangokwapula, koma akulu sakwapula pachabe. Tomato udya chaka chino, mwina ndi chaka chamawa. Chaka chinacho udzapeza fumbi, ndipo anzako a m'munsimu adzapeza fumbi limodzi ndi iwe asanalakwe kanthu. Tseka ngalandeyi."

Che Nasoro anavula chipewa, nayankha mwaulemu kuti amva. Nkhalambayo itangokhota, anauza mwana wawo kuti mphasa sizinaphunzitsepo munthu mpaka Fomu 4, ndipo anatolanso khasu lawo.

Chinatsala chinali mulu wa bango louma. Komiti ya madimba inali italetsa kuyatsa moto m'dambo, ndipo lamulo lake linali lodziwika: woyatsa moto amalandidwa dimba. Che Nasoro ankalidziwa bwino lamulolo chifukwa iwonso anali membala wa komitiyo, ndipo tsiku lolikhazikitsa anaomba m'manja kuposa onse.

Anadikira tsiku limene mudzi wonse unapita kumaliro kutsidya kwa msewu. Iwo anangokapepesa n'kuzemba. Anaitana Mwanahawa, nakankhira bango lonse kumapeto kwa ngalande, n'kuyatsa. Moto utachepa, anamuuza kuti akwirire ndi dothi lija lakuda. Kuti moto umazimitsidwa ndi dothi, ngakhale mwana wa Sitandade 1 amadziwa. Mwanahawa anakwirira bwinobwino, napondaponda ndi mapazi ake mpaka utsi unaleka. Anthu pobwera kumaliro sanaone kanthu.

2. Nthaka ya chisanu

Patapita mwezi ndi kanthu, aphunzitsi a jogalafe, a Elliam, analowa m'kalasi ndi mapu a dziko lonse. Kunali kutentha kwa Okutobala, malata akulira tetete pamwamba, ana akudzipepeza ndi makope. Tsiku ngati limenelo ndi limene a Elliam anasankha kuphunzitsa za chisanu. Ana a m'kalasimo madzi oundana ankangowadziwira m'mafilizesi a pamsika.

Analoza kumtunda kwenikweni kwa mapu, ku Siberia, ku Alaska ndi ku Canada. Anati kumeneko kuli nthaka imene inauma gwa ndi chisanu zaka zikwizikwi zapitazo, ndipo pansi pake sipasungunuka ngakhale m'nyengo yotentha. M'nthaka imeneyo munatsekeredwa udzu, mizu, masamba ndi nyama zakale, mpaka njovu zaubweya zimene zinatha kalekale. Zonsezo zili momwemo osaola.

Anafunsa amene anadutsapo pa golosale yokhala ndi filiji ya nsomba magetsi atazima masiku awiri. Kalasi yonse inaseka, ena akutseka mphuno. A Elliam anati n'chimodzimodzi. Nthaka ija ikasungunuka, zonse zili m'katimo zimayamba kuola, ndipo poola zimatulutsa mpweya wa kaboni, umene umakwera kumwamba n'kumatsekera kutentha padziko. Anati akatswiri amayerekeza kuti kaboni wogona m'nthaka imeneyo ndi wochuluka pafupifupi kawiri kuposa amene ali mumlengalenga panopa.

Kenako anafotokoza mbiri yake. Zimenezi, anatero, zinachitikapo kale. Nyengo yaikulu ya chisanu itatha, zaka zoposa zikwi khumi zapitazo, nthaka yambiri yotere inasungunuka, kaboni wake n'kuthawira mumlengalenga. Akatswiri amadziwa izi pofufuza matope a pansi pa nyanja ndi miyala ya m'mapanga. Kalelo zinkachitika pang'onopang'ono. Lero zikuchitika mothamanga chifukwa utsi wa mafakitale ndi magalimoto watenthetsa dziko. Kumeneko nyumba zayamba kupendekeka, misewu ikung'ambika. Dziko likatentha nthaka imasungunuka, ikasungunuka imatulutsa mpweya, mpweyawo n'kutenthetsanso dziko.

Sellah, amene sankaopa kufunsa, anakweza dzanja. Anafuna kudziwa kuti za anthu ovala zikopa kumapeto kwa dziko zikuwakhudza bwanji iwo a ku Nsanama.

A Elliam anamufunsa ngati mpweya umaima pachipata kuonetsa pasipoti. Anati mvula yosokonekerayi ndi gawo lathu la mlandu umene sitinaupalamule. Kenako anawonjezera kuti nafenso tili ndi nkhokwe yathu yaing'ono ya kaboni, ndiyo madambo ena a dothi lakuda. Kumene kuja chotsekera ndi chisanu, kuno chotsekera ndi madzi. Ukachotsa madziwo, dothilo limauma n'kuyamba kutaya kaboni wake. Choopsa kwambiri n'chakuti dothi lotere likauma limayaka, chifukwa si mchenga, ndi zomera zakale. Kumayiko ozizira aja moto umatha kulowa pansi, n'kumanyeka mwakachetechete nyengo yonse ya chisanu, n'kudzatulukira pena chaka chotsatira. Anati kukwirira moto ndi dothi lotere kuli ngati kukonza uvuni wa makala.

Ana ena analemba, ena anali atayamba kusinza. Mwanahawa cholembera chinamugwa m'manja. Kwa masiku angapo ankamva fungo la uvuni akamathirira, koma ankaganiza kuti likuchokera kwa ootcha makala a kuphiri. Tomato wa pafupi ndi ngalande anali akufota ngakhale amuthirire kawiri. Ndipo dzulo lake, atavula patapata, anamva nthaka ikufunda kumapazi m'mawa dzuwa lisanakwere.

Madzulo anawauza bambo ake. Che Nasoro anaseka mpaka kutsokomola. Anati akhala akulima kuyambira iye asanabadwe ndipo sanaonepo dothi likuyaka. Koma atamaliza kuseka anayang'ana uku ndi uku, namuuza motsitsa mawu kuti nkhani za kusukulu zizithera kusukulu.

3. Mwendo wa a Clementina

Loweruka m'mawa a Clementina, akazi a tcheyamani wa komiti ya madimba, anatsikira kuchitsime cha m'dambo ndi ndowa pamutu. Anadzera kanjira kamene ankadzera tsiku ndi tsiku. Pamwamba panalibe utsi, panalibe lawi, udzu wouma unali chiimire. Mwadzidzidzi nthaka inaboka, mwendo wawo n'kulowa mpaka m'bondo m'phulusa lamoto.

Kulira kwawo kunamveka mpaka kumsewu. Anawanyamula pa njinga yamoto kupita nawo kuchipatala ku Liwonde. Amene anaona mwendowo sanafune kudya tsiku limenelo.

Amuna atakumba pamalopo anapeza makala ofiira pansi. Funso linali limodzi: wayatsa ndani? Ndipo yankho silinachedwe, chifukwa kumudzi mlandu wa moto uli ndi eni ake okhazikika. Moto ndi wa osaka mbewa. Asilamu, amene anali ambiri m'mudzimo, anasamba m'manja nthawi yomweyo, nati iwo mbewa sadya, sagwira, ngakhale una wake sauyang'ana. Maso onse anatembenukira kwa Yoram, mchimwene wake wa Sellah, amene ankakumba mbewa n'kukagulitsa pamapani m'mphepete mwa msewu wa ku Balaka.

Yoram anali mnyamata wosadziwa kunama, ndipo ichi n'chimene chinamupweteka. Atafunsidwa anavomera kuti mwezi wathawo anafukiza mauna kumtunda kwa dambo, kutali ndi kanjirako, ndipo motowo anauzimitsa ndi masamba aawisi asanachoke. A Lloyd, atcheyamani, amuna a wovulalayo, anaitanitsa msonkhano Lolemba madzulo. Aliyense ankadziwa chimene chinali pangozi. Dimba la mayi a Sellah ndilo linkawadyetsa, ndilo linkalipira Sellah sukulu, ndipo munda wina analibe.

Lamlungu Mwanahawa anakanika kudya. Mayi ake, Abiti Hamza, anamutengera kuseri kwa khitchini kumene ankapeta mpunga. Za tsiku la maliro lija ankazidziwa, pakuti ndi iwo amene anachapa zovala zonunkha utsi.

"Tamvera kuno, Mwanahawa," anatero. "Ndakuona kuyambira dzulo, nkhope ngati wamwa mankhwala owawa. Ndikudziwa chimene chikukudya. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukaponya mwala uswa mkhate, ndipo mkhatewo ndi umene umamwera iwe. Bambo ako akalandidwa dimba, yunifomu ija uivula. Azing'ono ako adya chiyani? Ine ndikayang'ana bwanji amayi anzanga kumzikiti? Ndipo usaiwale kuti amene anakwirira motowo ndiwe, ndi manja akowa. Anthu sadzati Nasoro yekha iyayi, adzati Nasoro ndi mwana wake. Mwana wamkazi amene waimika bambo ake pabwalo, dzina limenelo silichoka, amakalamba nalo. Mnzako ndi mnzako, lero alipo, mawa akwatiwa ku Nkaya mwaiwalana. Chibale ndi fupa, sichiola. Sindikukuuza kuti ukaname. Ndikungoti ukakhale pansi ngati ana anzako, pakamwa utatseka. Akulu akaweruza okha."

Mwanahawa anatola lichero n'kupitiriza kupeta mpunga umene unali utapetedwa kale.

4. Pansi pa mtengo wa mango

Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi madimba. A komiti anakhala pabenchi, Che Nasoro ali kumapeto atavala mkanjo woyera wochita kusita. Yoram anamukhazika pansi pakati pa bwalo. Mayi ake anakhala kumbuyo kwake, Sellah ali pambali pawo. Mwanahawa anakhala ndi atsikana anzake, ndipo anasankha malo amene Sellah sakanamuona bwino.

Yoram anabwereza mawu ake. Moto wake unali wa mwezi watha, unali kumtunda, ndipo unazima iye akuona. Anafunsa kuti moto wozima kalekale ungatenthe bwanji munthu Loweruka lapitali, pamalo otalikira chonchija.

A Lloyd anati ndiye kuti anabwereranso sabata yomweyo kudzayatsa pakanjirapo, ndipo akubisa. Anafunsa ngati alipo anamuona. Panalibe. Anafunsanso kachiwiri mokweza, koma anthu anangoyang'anana. Kunena zoona, mlanduwo unali utayamba kufa wokha. Popanda mboni komiti sikanalanda dimba la munthu, ndipo mayi wina wa pabenchipo anali atayamba kale kumanga mpango wake kuti azipita.

Koma Mwanahawa sanaone zimenezo. Iye anaona achibale a a Clementina akuimirira, akumutcha Yoram wabodza, wodya makoswe, wofuna kupha anthu. Wina anamuponda phazi dala. Anaona mayi a Sellah akugwada pafumbi, akuomba m'manja, akupempha kuti awachitire chisoni mwana wawo si wabodza. Mayi amenewa ndi amene ankamupatsa mbatata yootcha akapita kukawerenga ndi Sellah. Chifundo chinamugwira, manyazi anamugwiranso, ndipo anaganiza kuti wapeza njira yapakati. Akanapulumutsa Yoram popanda kutchula bambo ake.

Anaimirira. Sellah atamuona anapukusa mutu pang'ono, pakuti iyenso anali m'kalasi tsiku lija ndipo anali ataona kale kumene nkhani ya aphunzitsi ikanagwera. Mwanahawa anaganiza kuti mnzakeyo akungomuchitira mantha.

Anapempha mwaulemu kuti alankhule. Anati Yoram sakunama, pakanjirapo palibe amene anayatsa moto sabata imeneyo. Anafotokoza zonse monga anaziphunzirira: za nthaka ya chisanu ya kumayiko akutali, za zomera zakale zosaola, za dothi la m'dambo limene likauma limayaka, za moto umene umanyeka pansi mwezi wathunthu n'kukatulukira kutali ndi pamene unayambira. Poyamba ena anaseka. Koma amuna amene anakumba pamalopo anavomereza kuti makalawo analidi pansi, ndipo udzu wa pamwamba unali wosapsa. Mwanahawa analankhula bwino kwambiri, mwina kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wake.

"Moto uliwonse uli ndi poyambira," anamaliza motero. "Uwu unayambira pena, kale, n'kuyenda pansi."

A Lloyd anawerama pang'ono. "Wanena bwino, mwana. Nanga unayambira pati?"

Apa m'pamene njira yapakati inathera. Mwanahawa anayang'ana pabenchi. Bambo ake sanamuopseze, sanamutuzulire maso. Anangomuyang'ana monga ankamuyang'anira akamamupatsa ndalama ya mayeso. Kumbuyo kwa anthu anaona mayi ake atagwira pakamwa ndi nsonga ya mpango.

"Sindikudziwa," anatero.

Anakhala pansi. Ndipo amene anaimirira pambuyo pake anali Che Nasoro.

Analankhula modekha, ngati munthu amene zikumumvetsa chisoni. Anati iwo sanapite patali ndi sukulu, koma mwanayu wawatsegula maso onse. Anthu amavutika kufuna mboni ya sabata yathayi, chonsecho motowo ndi wakale. Tsono funso latsala losavuta: ndani wavomera ndi pakamwa pake, pamaso pa anthu onsewa, kuti anayatsa moto m'dambo mwezi watha?

Sipanafunikenso china. Mayi wa pabenchi uja anamasula mpango wake n'kukhalanso bwino. Chimene chinkamuteteza Yoram chinali kutalika kwa malo ndi kutalika kwa nthawi, ndipo Mwanahawa anali atazichotsa zonse ziwiri ndi manja ake. Yoram anayesa kunena kuti kumtunda kumene anafukiza ndi kwa mchenga, koma mawu ake anamira m'phokoso.

Chigamulo chinatuluka dzuwa lisanalowe. Banja la mayi a Sellah lichoke m'dimbamo pofika Lachisanu, lizule zimene lingathe. Ndipo kuti malowo asagone, komiti inawapereka m'manja mwa woyandikana nawo kuti aziwasamalira. Woyandikana nawoyo anali Che Nasoro. Anakana kamodzi, monga mwa ulemu, kenako anavomera.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Koma tsiku limenelo amene anathamangira mapanga awiri anali Mwanahawa, ndipo amene anavumbwa anali ena. Pobalalika anthu ankamugwira dzanja, akumuyamikira kuti sukulu yamupindulira. Mayi wina anati mwana ameneyu adzakhala loya. Sellah anadzutsa mayi ake, nawasasa fumbi m'mawondo, n'kudutsa nawo pafupi ndi Mwanahawa osamuyang'ana.

5. Khasu

Kunyumba Che Nasoro anagula fanta, chinthu chimene ankagula pa Idi pokha. Anamuikira mwana wawo patsogolo. Mwanahawa anangoliyang'ana botololo mpaka mng'ono wake analitenga. Anadana nawo bambo ake madzulo amenewo, ndipo anadzida yekha koposa.

M'mawa mwake, asanavale yunifomu, bambo ake anamupatsa khasu. Anati apite akayambe kulemba mzere wa ngalande yatsopano yolowera m'dimba lija, iwo amupeza akachoka kumsika. Mvula ili pafupi, anatero, ndipo malo sadikira munthu.

Mwanahawa anatsikira kudambo khasu lili paphewa. Fungo la uvuni linali ponseponse tsopano. Mayi a Sellah anali kumapeto kwa dimba lawo, akuthyola tomato wosapsa n'kumaponya m'dengu, wobiriwira amene palibe venda akanamugula. Yoram kunalibe. Anthu ankati wachoka m'bandakucha, ena ati walowera ku Balaka, ena ati ku Nayuchi.

Sellah anali atakhala pamzere wa malire, atavala chitenje chakale cha mayi ake. Sanavale za kusukulu. Atamuona mnzakeyo anaimirira, nayang'ana khasulo nthawi yaitali.

Mwanahawa anayamba kunena kuti iye ankafuna kuthandiza, kuti sankadziwa kuti zithera pamenepo. Sellah anamudula.

"Zimenezo usunge. Dzulo unanena pamaso pa anthu kuti moto uliwonse uli ndi poyambira. Unanenanso kuti sukudziwa pamene uwu unayambira. Chabwino. Pamene moto wadutsa pansi umasiya phulusa, si choncho? A Elliam sananame?"

Mwanahawa anagwedeza mutu kuvomereza.

"Ndiye tiye pamene anagwera a Clementina. Tikumba motsata phulusalo, iwe ndi ine, mpaka tione kumene likuthera. Likapita kumtunda kwa achimwene, ndikupepesa pamaso pa mudzi wonse." Anatambasula dzanja n'kugwira mpini wa khasulo, koma sanalande. "Ukumba ndiwe, kapena undipatsa ndikumbe ndekha?"

Kumsewu kunamveka belu la njinga ya Che Nasoro. Anali atabwerera msanga kumsika, ndipo anali akutsikira kudambo.